Mfuti Khumi ndi Ziwiri za Mwana wa Handzapu

M'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kalingalinga mu Lusaka, kumene zitseko, mabedi ndi mafelemu a mawindo zimatandala padzuwa kudikira ogula, kuli kashedi ka malata kopendekera chakumadzulo. Mmenemo ndimo mogwirira ntchito Ba Whyson Mbewe, kalipentala wa zaka 68, munthu wamfupi wa mapewa otambalala, pensulo kukhutu nthawi zonse, ngakhale ku tchalitchi. Zitseko zawo za mukwa sizipindika ndi mvula, koma mutu wawo nawonso ndi wa mukwa womwewo. Munthu akabwera n'kunena kuti akufuna chitseko cha matabwa otsika mtengo koma achipake vanishi kuti chizioneka ngati mukwa, Ba Whyson amangomulozera ndi chibwano kwa anzawo kutsidya la msewu, iwo n'kupitiriza kupala thabwa. Akazi awo, Ba Eneless, amati n'chifukwa chake anzawo anamanga nyumba zogonamo ana a payunivesite pamene iwo akadali ndi kashedi komweko.

Anthu akale a m'komboni sawadziwa ndi dzina la Mbewe. Amawadziwa kuti mwana wa Handzapu, ndipo dzina limeneli linawadyetsa zibakera zambiri ali mwana, zina zopereka, zina zolandira.

Bambo awo, a Chrispin Mbewe, anachoka kwawo ku Katete ali mnyamata n'kukalowa usirikali pa nkhondo yachiwiri ya azungu. Anawatumiza ku Somaliya, dziko la miyala ndi minga, ndipo kumeneko kagulu kawo kanazingidwa paphiri ndi Ataliyana. Anagwidwa, nakhala miyezi isanu ndi iwiri kuseri kwa waya waminga, akusenza miyala. Nkhondo itatha, anzawo anabwera ndi mamendulo komanso nkhani za ku Burma zosatha kusimba. A Chrispin anabwera ndi chifuwa chotsokomola basi. Anamanga kanyumba ka zidina ku Kalingalinga kukadali tchire, nalembedwa ulonda pa sitolo ina m'tauni, chida chawo chili chibonga.

Tsiku lina pamowa, msirikali mnzawo wa ku Burma anaimirira pakati pa anthu, anakweza manja m'mwamba, ananjenjemeretsa mawondo, n'kugwa chogwada pamaso pa a Chrispin akufuula kuti handzapu, handzapu. Anthu anaseka mpaka mowa kutayika. Dzina linamera pomwepo, ndipo m'komboni dzina likamera silizulika. Amayi pampopi ankati akazi a Handzapu. Ana akamasewera zankhondo, wogonja aliyense ankatchedwa Handzapu. A Chrispin sankayankha. Ankangodutsa ndi chibonga chawo kukhwapa, kupereka moni kwa owasekawo ngati sanamve kanthu.

Kukhala chete kumeneku n'kumene kunkamudya mnyamata Whyson kuposa chitonzo chenichenicho. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, Lamlungu lina masana, anafika pakhomo malaya atang'ambika, mlomo utatupa. Bambo ake anayamba kumudzudzula za ndewu. Mnyamata magazi anali akadatentha, ndipo anawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti iye sakweza manja ngati anthu ena. Kenako analitchula dzina lija, kwa bambo ake omubereka, pabwalo pawo pomwe. Amayi ake anagwira pakamwa.

A Chrispin sanatukule dzanja. Anadzuka pampando, napita pachitseko. Chitseko cha nyumbayo chinkatsekedwa ndi kachitsulo kachilendo, kotalika ngati chikhatho ndi zala, kokhala ndi kamkono kothera ndi mutu wobulungira, kamene kankalowa m'misomali iwiri yopinda. Ana onse anakula akukakankha m'mawa ndi madzulo osafunsa kumene kanachokera. Bamboyo anakasolola, nakaika m'dzanja la mwana wake. Kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera.

Anamuuza kuti imeneyo ndi bawuti ya mfuti, chitsulo chimene msirikali amakoka n'kukankha kuti chipolopolo chilowe m'malo mwake, ndipo mfuti yopanda chimenecho ndi ndodo chabe. Anati zipolopolo zitawathera paphiri paja, sajeni wawo analamula kuti aliyense achotse bawuti yake. Onse anachotsa n'kuponya kuphompho, ndipo Ataliyana atakwera anatola nkhuni. Iwo yawo sanaponye. Anaibisa m'nsalu zimene asirikali ankakulunga m'miyendo, naisunga miyezi yonse ya ukaidi, nthawi zina kumwendo, nthawi zina pansi pa mwala umene ankatsamira. Akanawapeza nayo sakanaona dzuwa lotsatira.

"Manja tinakweza, inde," anatero a Chrispin. "Koma tinakweza chiimire. Palibe anagwada, ndipo palibe mfuti yathu imene inapha munthu wathu."

Whyson anafunsa chifukwa chake sauza anthu zimenezi. Bambo ake anayankha kuti munthu amene akuseka makutu ake amakhala otseka. Kenako anamuuza kuti abwezere chitsulo pachitseko, nkhuku zingalowe m'nyumba.

Nkhaniyo anaisimba kamodzi kokha. Whyson anafuna kupepesa, koma pakamwa pa mnyamata wa msinkhu umenewo mawu akuti pepani amalemera. Anati adzanena mawa. Mawa linakhala mwezi, mwezi unakhala zaka, ndipo a Chrispin anamwalira mu 1983 asanawamve mawuwo. Bawuti ija inasamukira pachitseko cha Ba Whyson, ndipo kwa zaka makumi anayi ankaikankha tsiku lililonse, mtima n'kumawalasa pang'ono.

Ndiye chaka chatha, mwezi wa Julayi, pashedi panafika mtsikana wa ku Chilenje dzina lake Towela, wovala nsapato zachimuna, chikwama chachikulu kumsana. Anapereka moni mwaulemu n'kufunsa ngati pano ndi pa mwana wa Handzapu. Akalipentala oyandikana nawo anasiya kukhoma, kudikira kuona kumene hamala igwere. Ba Whyson anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumufunsa ngati kwawo kulibe akulu omuphunzitsa kulankhula.

Towela sanathawe. Anafotokoza kuti anaphunzira zojambula mafilimu, ndipo dzinalo analimva kwa agogo ake amene anakhalako ku Kalingalinga. Ankafuna kupanga filimu ya asirikali a kuno amene anagwidwa ukaidi pa nkhondo ija, chifukwa palibe amawatchula. Anati anthu ochita sewero ali nawo, yunifomu akusoketsa, ndipo mfuti anagula kale. Potero anatsegula chikwama n'kutulutsa mfuti yapulasitiki yakuda ya kumsika wa Kamwala, ya kabokosi ka zipolopolo kopindika ngati nthochi.

Ba Whyson anaseka mpaka pensulo inagwa kukhutu.

"Iwe mwana, izi ni zija banyamula bolonda pa banki. Atate banga banafa sibanaionepo mfuti ya so. Ufuna kubavalika na foni m'thumba futi?"

Madzulo a tsiku lomwelo anamutengera kunyumba, anamuimika pachitseko, nasolola bawuti ija. Kanali koyamba kuisimba nkhaniyo kwa munthu wakunja. Towela anamvetsera mpaka tiyi amene Ba Eneless anamupatsa anazizira m'kapu. Anagwirizana kuti Ba Whyson asema mfuti khumi ndi ziwiri zofanana ndi za nthawi imeneyo, koma panali lamulo limodzi: filimuyo idzaonetse bambo awo mmene zinalili, chiimire. Mtsikana anawomba m'manja n'kulonjeza.

Miyezi iwiri yotsatira, pashedi paja sipanatuluke chitseko ngakhale chimodzi. Towela anawaonetsa zithunzi pafoni, iwo anaziyang'ana, koma muyeso umene ankaukhulupirira unali wa bambo awo, amene Lamlungu lija anawaonetsa ndi mpini wa khasu kuti mfuti ukaiimika pansi imafika pamwamba pa lamba, ndipo thabwa limaphimba chitsulo mpaka kukamwa. Anasankha mukwa wouma bwino, nadula mapaipi amadzi kukhala mipope ya mfuti. Bowo la bawuti analiboola poyesa ndi bawuti yeniyeni, kulowetsa, kutulutsa, kupala pang'ono, kulowetsanso, mpaka inkalowa ndi kaphokoso kosangalatsa khutu. Kenako anaitengera kwa Ba Kalumba, wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana nayo, kuti apange zina zofanana nayo.

Towela anawauza kuti asadzivute, angomata zitsulozo ndi guluu chifukwa kamera siiona zonsezo. Ba Whyson anayankha kuti mfuti imene bawuti yake sichoka si mfuti ya bambo awo, ndipo ngati kamera ili ndi vuto la maso aipititse kuchipatala.

Amene anavutika ndi Ba Eneless. Sabata ziwiri zathunthu chitseko cha nyumba chinalibe chotsekera, moti ankachitchinga ndi ndowa yamadzi. Makasitomala a zitseko ankabwerera kutsidya la msewu iwo akuona.

"Imwe atate a Tamara," ankatero, "kalipentala wa vitseko, nyumba yake itsekewa na baketi. Banthu bakamva bazakamba chani?"

Amuna awo ankayankha kuti anthu akhala akukamba kuyambira iwo asanabadwe, ndipo sanatope.

Asirikali a Towela anali amuna khumi ndi awiri otoledwa m'makomboni a Mtendere, Chawama ndi George: wina wokankha wilibala pamsika, wina woimba kwaya, ena osowa chochita. Woimira a Chrispin anali Dumi, kondakitala wa minibasi, wamtali, wa mawu okhoza kuitana munthu ali kutsidya la sitesheni. Tsiku loyamba atapatsidwa mfuti amuna aja anazigwira mmene amaonera m'mafilimu ankhondo, m'chiuno, dzanja limodzi, miyendo tang'a. Ba Whyson anatseka maso ngati munthu womva dzino.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ankawafoletsa kuseri kwa shedi. Kuima, kuika mfuti paphewa, kuitsitsa. Ndipo pomaliza penipeni, nthawi zonse, ankafuula kuti bawuti kunja, amuna aja n'kutukula kamkono, kukoka, kusolola. Wochedwa ankabwereza kakhumi. Dumi ankadandaula kuti mdala ameneyu ndi wovuta kuposa dalaivala wake, koma sanajombe ngakhale Loweruka limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala onse ankachita zimenezi maso atatseka.

Tsiku lojambula chigawo chogwidwa asirikali linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Malo anali pamgodi wakale wa miyala kupitirira Kanyama, pamene pali miyala yoyera, fumbi ndi minga, ndipo m'munsi muli dziwe lakuya la madzi obiriwira limene ngakhale ana osamva sasambamo. Amayi ophwanya miyala anasiya nyundo zawo n'kudzakhala pamwamba kuti aonere. Mkulu wa Ataliyana anali mzungu wina wokonza majenereta m'tauni, amene anavomera ntchitoyo chifukwa chokonda chipewa chake.

Kumeneko n'kumene Ba Whyson anakumana koyamba ndi Eugene. Ameneyu ndiye anapeza anthu akunja othandiza filimuyo, ndipo galimoto, kamera yachiwiri ndi chakudya chamasana zonse zinkadalira iye. Anali wonenepa bwino, magalasi akuda pamaso, mafoni awiri m'dzanja limodzi. Anayamikira mfuti zija kwambiri, n'kujambulitsa nazo. Kenako anagawa mapepala atsopano kwa ochita sewero.

Ba Whyson anaona Dumi akuwerenga pepala lake nkhope ikusintha, ndipo anapita kukamulanda. Pepalalo linkati asirikali aponye mfuti pansi, agwe chogwada, alire akuitana amayi awo. Mtaliyana atole mfuti ya Chrispin, aikoke bawuti, n'kuwombera nayo sajeni, Chrispin akunjenjemera manja m'mwamba. Anawerenga kawiri, pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Atadzutsa mutu anafuna Towela ndi maso. Mtsikana anali kuseri kwa kamera akuyang'ana nsapato zake. Anali atadziwa kuyambira Lachitatu, ndipo anaopa kunena.

Eugene anafotokoza mokoma ndithu. Anati anthu akunja amafuna misozi, filimu yopanda misozi siipita patali, ndipo mzungu akakoka bawuti ija pafupi ndi kamera ntchito ya manja a mdala idzaoneka dziko lonse. Ba Whyson anamuuza kuti zimenezo sizinachitike, ndipo sizikanatheka kuchitika. Eugene anamwetulira.

"Ba mudala, imwe nchito yanu ni mapulanga. Nkhani tisiyileni ise."

Ba Whyson anayenda pamzere wa asirikali, kulanda mfuti imodziimodzi, naziunjika pamthunzi wa mwala. Anamasula chingwe chimene anamangira pobwera, anazimanga mtolo ngati nkhuni, n'kukhalapo. Anatulutsa pensulo kukhutu nayamba kuisongola ndi kampeni.

Ola lathunthu linatha. Eugene anayamba ndi kunyengerera, kenako kuopseza kuti atenga zapulasitiki zija, ngakhale aliyense ankadziwa kuti zinatsala ku Chilenje ndipo dzuwa silikanadikira. Anati mtsikana uyu mwayi wake ndi womwewu, ndipo mdala mmodzi wouma mutu akufuna kumuphera tsogolo. Mawu amenewa anawalowa Ba Whyson, chifukwa Towela anali atayamba kumukonda ngati mwana wawo. Koma sanasunthe. Pomaliza Eugene anapsa mtima, anavula magalasi.

"Nanga vuto ili pati? Munthu anasalenda. Komboni yonse iziba. Na zina yake ikamba yeka, Handzapu. Kugwada na kusagwada, kusiyana kwake ni chani?"

Ba Whyson anapinda kampeni kawo, nakaika m'thumba. Polankhula mawu awo sanakwere.

"Iyo zina, na ine ninabaitanapo nayo. Pa nyumba pawo, amai banga bali kumva. Banafa sininapepese. Manje mvelani, ba Eugene. Ninabatukana kamodzi na pakamwa panga. Siningabatukane kachibili na manja yanga."

Eugene anatembenuka n'kuyamba kuimba foni. Apo m'pamene Towela anachoka kuseri kwa kamera. Anafika pamene panali mdala, nanjuta pafumbi, maso ali ofiira. Sanadziikire kumbuyo. Anapepesa chifukwa chobisa pepala lija, kenako ananena motsitsa kuti, "Batate, tipaseni mfuti. Kamera nigwila ndine."

Sanalonjeze china chilichonse, ndipo Ba Whyson anaona kuti sanalonjeze. Uyu anali mtsikana yemweyo amene anawomba m'manja m'nyumba mwawo n'kudzakhala chete Lachitatu. Akanamupatsa mfuti, iye n'kuwagwaditsa amuna aja, bambo awo akanagwada mpaka kalekale, pafoni ya aliyense mu Lusaka, ndi mfuti yosema mwana wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amuna khumi ndi awiri aja ataima padzuwa ndi nsalu zawo zokulunga m'miyendo. Anadzuka, namasula chingwe.

Anagawa mfuti yekha. Atafika pa Dumi anasolola bawuti ya Ba Kalumba, napisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa yeniyeni ija, yakuda ndi zaka, yosalala ndi manja a banja lonse. M'mawa umenewo anali ataichotsa pachitseko Ba Eneless akusesa kuseri. Inalowa m'malo mwake bwinobwino.

"Iyi inayenda ku Somaliya, inabwelako," anamuuza. "Uzibe vamene wagwila."

Eugene anabwerera akumwetulira, poganiza kuti mdala wagonja. Asirikali anakwera pamwala, m'mphepete mwa phompho loyang'ana dziwe. Mzungu anakonza chipewa chake. Towela anaika diso pakamera n'kupereka chizindikiro. Ataliyana anayamba kukwera, ndipo Eugene, ali pambali, anayamba kukuwa kuti ponyani mfuti, gwadani, lirani.

Amuna aja anazengereza, akuyang'anana. Wa kwaya uja bondo lake linali litayamba kale kupinda. Pamenepo kuseri kwa kamera kunatuluka mawu a Ba Whyson, omwe aja amene anawamva Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri.

"Bawuti kunja!"

Manja sanafunse mutu. Zitsulo zinalira pamodzi, kutukula, kukoka, kusolola. Bawuti khumi ndi imodzi zinauluka, zinang'anima padzuwa, n'kugwera m'dziwe muja chubwi, chubwi. Dumi yekha anawerama, ndipo Ba Whyson anaganiza kuti wagwada. Koma kondakitala uja ankalowetsa chitsulo m'nsalu ya kumwendo. Anawongoka, wamtali mmene alili, anaponya mfuti patsogolo, n'kukweza manja m'mwamba, maso ali pa mdani osaphethira. Anzake anachita chimodzimodzi, onse chiimire.

Mzungu uja anachita zimene pepala lake linanena. Anatola mfuti ya Dumi, anailozetsa kwa sajeni, dzanja n'kupita kukakoka bawuti. Linagwira mphepo. Anaitembenuza mfutiyo, anasuzumira m'bowo, anatola ina, nayonso chimodzimodzi. Kudabwa kwake sikunali kwa sewero, munthuyo anasokonezekadi, nkhope inafiira mpaka m'makutu. Amayi ophwanya miyala anaphulika ndi chiseko, wina n'kuyamba nthungululu. Towela sanachotse diso pakamera mpaka mzunguyo anaponya pansi mfuti yachinayi.

Eugene analamula kuti abwereze, ajambule monga mwa pepala. Dumi anamufunsa mwaulemu kuti bwana, nanga mzungu akoka chiyani? Onse anayang'ana m'dziwe. Madzi obiriwira aja anali atabwerera kale mwakale. Eugene anafunsa amene angadumphiremo, ndipo mayi wina wophwanya miyala anamuuza kuti ayambe iyeyo, iwo amugwirira mafoni. Eugene anakumbukira ya kumwendo kwa Dumi, koma pamene ankatembenuka n'kuti ili kale m'thumba la Ba Whyson, mwini wake, pamodzi ndi ya Ba Kalumba imene anasolola ija, dzanja lili pamwamba.

Zinthu sizinathe bwino kwa onse ayi. Eugene anachoka ndi galimoto yake, ndi kamera yachiwiri, ndi anthu ake akunja. Filimu ya maola awiri imene Towela ankalota inatsala ya mphindi makumi awiri ndi zitatu. Alipo ena ku Kalingalinga amene mpaka lero amati mdala Mbewe anamuphera mwana wa eni mwayi chifukwa cha munthu amene anafa kalekale, ndipo Ba Whyson akamva zimenezi sakana. Towela mwini anakhala mwezi wathunthu osaponda pashedi. Atabweranso anabwera ndi kachikwama ka kompyuta, n'kuwauza kuti alembe tsiku.

Anaionetsa Loweruka masana mu holo ya tchalitchi, mawindo atatchingidwa ndi zitenje. Munadzaza, ana pansi, akulu pamabenchi. Kutsogolo kunakhala nkhalamba zingapo zimene zinkawadziwa a Chrispin, zina mwa izo zomwe zinkaimba dzina lija pamsewu zili ana. Chigawo cha pamgodi chitafika, zitsulo zitalira, Dumi atawongoka n'kukweza manja, Ba Eneless, amene anakhala pambali pa amuna awo, anawamva akunena kanthu chapansipansi, maso ali pakhoma pamene panaima munthu wamtali uja.

"Pepani, atate."

Ba Eneless anawagwira dzanja osawayang'ana. Aka kanali koyamba pa zaka makumi anayi za ukwati kuona misozi ya munthu ameneyu, ndipo anamusungira ulemu wosaiona.

Lolemba lotsatira Ba Whyson anaitana wolemba zikwangwani. Shedi yawo inali isanakhalepo ndi chikwangwani, chifukwa ankati chitseko chabwino chimadziitanira chokha. Anapala thabwa la mukwa lalitali ngati bedi, namupatsa mnzawoyo kapepala ka mawu oti alembe. Wolembayo, yemwe anakulira m'komboni momwemo, anawerenga n'kukanda mutu. Anafunsa ngati akutsimikiza, poti dzina limeneli anthu ena anathyokera nalo mano.

"Lemba," anatero Ba Whyson. "Malemba yakulu, yakuti munthu ali mu minibasi abelenge."

Chikwangwanicho chilipo mpaka lero, pamwamba pa kashedi kopendekera, ndipo pansi pake papachikidwa mfuti imodzi ya mukwa yopanda bawuti. Bawuti inabwerera pachitseko cha kunyumba, ndowa ya Ba Eneless inabwerera kumpopi. Mawu ake ndi ofiira pa thabwa lofiirira: W. MBEWE, ZITSEKO ZA MUKWA. Ndipo m'munsi mwake, ndi malemba oposa a dzina lawo lomwe: MWANA WA HANDZAPU.